Amaumba Njerwa ndi Makolo, Amalamula ndi Ena

Sukulu zambiri za pulaimale za m'boma la Karonga, kuyambira ku Chilumba kudutsa Nyungwe, Ngara ndi Mlare mpaka ku Kaporo ndi kumalire a Songwe, zili ndi chipupa chomwe njerwa zake anaumba ndi makolo. Pena uvuni udakali chiimire kuseri kwa makalasi, pamwamba pake patamera udzu, njerwa za m'mphepete zitayamba kufumbutuka ndi mvula, kudikira simenti ndi malata zomwe wina analonjeza pamsonkhano wachitukuko. Akuluakulu a maphunziro akabwera amayamikira mtima wodzithandiza, nakumbutsa anthu kuti mutu umodzi susenza denga, ngati kuti kutenga mbali kwa makolo ndi nzeru yatsopano yobwera ndi mabungwe. Mbiri ikunena zina. Kwa zaka zoposa 120 anthu a ku Karonga akhala akumanga sukulu ndi manja awo, ndipo anayamba boma lisanaganize n'komwe zoikapo kanthu. Chomwe sichinasinthe pa zaka zonsezi n'chakuti woumba njerwa alibe mawu pa za mphunzitsi, pa chiyankhulo cha m'kalasi, pa ndalama, ngakhale pa komwe mwana adzapite akakhoza mayeso. Amene amati sukulu za ku Karonga zikuvutika chifukwa makolo ndi aulesi sanawerenge bwino mbiri ya bomali.

Sukulu inafika m'dziko la Angonde pa nthawi ya nkhondo. Kampani ya African Lakes inatsegula sitolo yake pa Karonga mu 1884, pomwe pankayambira msewu wa Stevenson wopita kunyanja ya Tanganyika, ndipo pasanathe zaka zitatu chigwa chonse cha Kyungu, mfumu ya Angonde, chodziwika ndi nthochi ndi ng'ombe, chinasokonezeka ndi Mlozi ndi anzake ogula akapolo omwe anamanga malinga awo ku Mpata. Nkhondoyo inayamba mu 1887 ndipo inatha mu Disembala 1895, mkulu wa boma la atsamunda Harry Johnston atagwira Mlozi n'kumupachika. Amishoni a Livingstonia, a mpingo wa Free Church of Scotland, anali atalowa kale m'derali. Dr David Kerr-Cross anatsegula siteshoni ku Ngerenge kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, ndipo mu 1894 Dr Robert Laws anakhazika likulu lake paphiri la Khondowe, pomwe anayambitsa sukulu yaikulu ya Overtoun. Aphunzitsi oyamba a m'midzi ya kunyanja ankatsika kuchokera paphiri limenelo atanyamula sileti, buku la kuwerenga ndi katekisimu.

Koma mphunzitsi sankangotumizidwa. Mudzi wofuna sukulu unkayenera kuyamba waonetsa kuti ukuifunadi: amuna kukadula nsichi ndi phaso, amayi kumweta udzu ndi kutunga madzi omatira, kenako kumanga kanyumba ka mphunzitsi pambali. Nyumba yomweyo inali sukulu mkati mwa sabata ndi tchalitchi Lamulungu. Patapita nthawi amishoni anaikanso fizi yochepa, ndipo wosowa ndalama ankalipira ndi zakumunda kapena kugwira ntchito. Laws ankakhulupirira kuti mpingo wa Afirika uyenera kudzidalira wokha, ndi kuti chinthu chaulere anthu sachisamala. Maganizowo sanali opanda nzeru, koma kudzidalirako kunathera pa kumanga ndi kulipira basi. Wosankha mphunzitsi, womuchotsa akamwa mowa kapena akakwatira mitala, wolemba zophunzitsa, woyendera sukulu ndi kuitseka ngati ana achepa, anali mmishonale. Akatswiri a mbiri yakale monga John McCracken ndi Leroy Vail analemba kuti Angonde, omwe anali ndi ng'ombe, nthochi ndi ufumu wokhazikika, sanathamangire sukulu poyamba, pomwe Ahenga omwe anathawira kumeneko pothawa Angoni, opanda nthaka yawoyawo ndi chuma, anailandira ndi manja awiri. Amishoni ena ankaona kuzengereza kwa Angonde ngati mphwayi. Ine ndikuonapo umboni wakuti kuyambira pachiyambi makolo ankayeza phindu la sukulu asanatulutse thukuta, monga aliyense woganiza bwino angachitire.

Nanga boma la atsamunda linali kuti? Linali pa msonkho. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890 nyumba iliyonse inkakhoma msonkho, poyamba mashileni atatu pachaka, ndipo wolephera ankaona zakuda. Pofika 1908 bomalo linali litayamba kupereka £1,000 pachaka yoti mamishoni onse a m'Nyasaland agawane, ndalama yomwe sikanakwana kugulira choko sukulu mazanamazana za m'midzi. Nthambi ya boma yoona za maphunziro inakhazikitsidwa mu 1926, komiti ya Phelps-Stokes itayendera dziko lino mu 1924 n'kupeza kuti boma lasiyira mipingo katundu yense. Munthu wa ku Ngerenge kapena wa ku Deep Bay, komwe lero timati Chilumba, ankalipira kawiri, kwa DC ndi kwa mmishonale, ndipo mwa awiriwa panalibe womufunsa maganizo. N'zosadabwitsa kuti bungwe loyamba la anthu akuda ophunzira m'dziko muno, North Nyasa Native Association, linabadwira pa Karonga mu 1912, motsogozedwa ndi anthu onga Simon Muhango ndi Levi Mumba, omwe anadutsa m'sukulu za Livingstonia. Nkhani ya maphunziro sinkasowa m'makalata omwe mabungwe oterewa ankalembera boma: ankafuna kuti boma liike ndalama zenizeni m'sukulu, ndiponso kuti maphunziro akwere kuposa a katekisimu. Mumba anadzakhala m'komiti yolangiza boma pa za maphunziro m'zaka za m'ma 1930, kenako mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944. Yankho la boma linabwera mochedwa ndiponso kutali: sekondale yoyamba inatsegulidwa ku Blantyre mu 1940, yachiwiri ku Zomba mu 1942. Karonga anadikira mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo sukulu ya Chaminade anaimanga ndi a chipani cha Akatolika cha Marianist, osati boma.

Ufulu wodzilamulira utayandikira, kunabwera malamulo abwino papepala. Lamulo la maphunziro la 1962 linapatsa makhonsolo udindo woyang'anira sukulu za pulaimale ndipo linavomereza makomiti a sukulu. Koma sukulu zinagawidwabe pawiri, zothandizidwa ndi boma ndi zosathandizidwa, ndipo pa zosathandizidwazo makolo ankasonkha okha ndalama yolipira mphunzitsi, kuwonjezera pa fizi ndi yunifolomu. M'nthawi ya Dr Kamuzu Banda kudzithandiza kunasanduka lamulo. Sabata ya achinyamata ikafika chaka ndi chaka, ana a sukulu ndi anthu a m'midzi ankaumba njerwa, kulambula misewu ndi kumanga milatho, a Youth League ndi a Payoniya ali pambali kuonetsetsa kuti palibe wotsalira kumunda. Makalasi ambiri omwe akugwirabe ntchito lero anamangidwa motero, ndipo n'kulakwa kunyoza ntchito imeneyo. Koma ntchito yogwira poopa kutchedwa wogalukira sitingaitche kutenga mbali.

Zaka zomwezo zinaonetsa poyera kuti mwini sukulu ndi ndani. Mu 1968 msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unagamula kuti Chichewa ndi Chingerezi ndizo ziyankhulo za dziko, Chitumbuka n'kuchotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi. Mwana wa ku Kaporo woyankhula Kyangonde kunyumba, kapena wa ku Chilumba woyankhula Chitumbuka, anayamba sitandade 1 m'chiyankhulo chomwe amayi ake sankachidziwa, m'kalasi yomwe amayi akewo anatungira madzi omangira. Ife owerenga ndi kulemba Chichewa tiyenera kuivomereza mfundo imeneyi mosapsa mtima, pakuti cholakwika sichinali chiyankhulocho koma kusafunsa. Mu 1987 boma linayamba kusankhira ophunzira ku yunivesite potengera boma lomwe munthu akuchokera, njira yomwe inapweteka kwambiri maboma a kumpoto komwe ana ambiri ankakhoza bwino. Inaima kwa kanthawi, inabwereranso mu 2009, ndipo boma linalengeza kuti laithetsa mu 2020. Mu 1989 Kamuzu analamula kuti aphunzitsi onse abwerere kuzigawo za kwawo, ponena kuti a kumpoto ankaphunzitsa mwadala moipa ana a pakati ndi kumwera. Aphunzitsi a ku Karonga omwe anali atakhazikika ku Thyolo kapena ku Dedza anakwezedwa m'malole ndi mabanja awo. Mwa zigamulo zitatuzi, chilichonse chinasintha moyo wa sukulu kuposa buloko ya makalasi iliyonse, ndipo palibe ngakhale chimodzi chomwe chinadutsa pa komiti ya makolo.

Izi zikutithandiza kumvetsa zomwe zinachitika mu 1994, zomwe anthu ambiri amazitanthauzira molakwa. Boma la Bakili Muluzi litathetsa fizi ya ku pulaimale, chiwerengero cha ana m'sukulu za dziko lonse chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Aphunzitsi zikwizikwi osadutsa ku koleji analembedwa ntchito ataphunzitsidwa kwa masabata ochepa, ndipo ana anadzaza pansi pa mitengo ya mango. Nthawi yomweyo anthu m'madera ambiri anasiya kupita ku zitukuko, ena n'kumanena kuti thangata anatha ndi chipani chimodzi. Akuluakulu anati demokalase yawononga anthu. Koma munthu amene wakhala akuumba njerwa mokakamizidwa kwa zaka 30, atauzidwa kuti tsopano sukulu ndi yaulere, analakwa chiyani poika chikombole pansi? Chinsinsi chinaululika MASAF, thumba la zitukuko za m'midzi, itayamba pakati pa zaka za m'ma 1990: mudzi wofuna makalasi unkayenera kuyamba waunjika njerwa ndi mchenga, monga mmene zinkakhalira kwa amishoni zaka 100 m'mbuyomo. Mu 1998 sukulu zophunzitsa kudzera m'makalata zinasandutsidwa ma CDSS, sekondale zoyendera zomwe zambiri mwa izo makolo anamanga okha, zopanda labotale ndiponso zopanda laibulale, koma zolembetsa mayeso a MSCE omwewo omwe amalemba ana a pa Chaminade. Katswiri wa maphunziro Pauline Rose, atafufuza za nkhaniyi m'Malawi, analemba mu 2003 kuti kutenga mbali kwa anthu kunali kongowakama mphamvu ndi chuma popanda kuwapatsa mpata wogamula. Nalo boma linavomereza vutoli m'ndondomeko yake ya 2004 yolimbikitsa anthu kutenga mbali poyendetsa sukulu za pulaimale, yomwe inkafuna kuti makolo asathere pa njerwa.

Alipo ambiri onena kuti dziko lathu ndi losauka, ndipo boma lokha silingamange makalasi okwanira anthu oposa 365,000 omwe kalembera wa 2018 anapeza m'boma la Karonga. Makolo akapanda kuumba njerwa, ana awo ndiwo anyowe ndi mvula. Mfundoyi ili ndi mphamvu, ndipo palibe kholo lanzeru lomwe lingaumire manja podikira Capital Hill. Koma ikubisa zinthu ziwiri. Choyamba, msonkho wa njerwa sugwa mofanana. Wokhala m'tauni yemwe mwana wake ali pa sukulu yolipira satuta mchenga. Amatuta ndi mayi wa kumudzi, amene amasiya kuwokera mpunga kapena kukanyika chinangwa kuti akasenze ndowa kuchokera kumtsinje wa Rukuru, ndipo mudzi wosaukitsitsa ndiwo umakhala ndi sukulu yoipitsitsa. Chachiwiri chinaonekera mu Disembala 2009, pomwe zivomerezi zotsatizana zinagwedeza Karonga kuyambira pa 6 mpaka pa 20, chachikulu chofika 6.0. Anthu anayi anamwalira, mazana anavulala, nyumba zikwizikwi zinagwa kapena kung'aluka, ndipo makalasi ndi nyumba za aphunzitsi sizinapulumuke. Ana ena anaphunzirira m'matenti. Karonga ali m'chigwa cha Rift Valley momwe nthaka imagwedezeka, komanso ndi dera lomwe North Rukuru, Lufilya ndi Songwe zimasefukira kawirikawiri. Chipupa cha njerwa zosapsa bwino, chomangidwa ndi dothi m'malo mwa simenti, chopanda lamba wa konkire pamwamba pa mawindo, sichingapirire zimenezo. Makolo anapereka zomwe anali nazo. Injiniya, simenti ndi zitsulo unali udindo wa boma, ndipo m'malo ambiri sizinafike.

Chodabwitsa n'chakuti njerwa yootchayo, yomwe yakhala chopereka chachikulu cha makolo, boma linailetsa pa zomangamanga za boma ndi zamalonda kudzera m'malamulo a 2018, pofuna kuteteza mitengo. Cholingacho n'chabwino, ndipo aliyense woona mapiri a kumadzulo kwa Karonga akudziwa mmene nkhuni ndi makala zawametera. Koma mabuloko a simenti saumbidwa ndi dothi la pachulu; amafuna ndalama. Motero chopereka cha makolo chakhala chikusanduka kandalama ka chitukuko, ka mlonda, ka mayeso osindikiza, ka wophika phala, ndipo ngakhale lamulo la maphunziro la 2013 likuti pulaimale ndi yaulere komanso yokakamiza, nkhani za ana obwezedwa kunyumba chifukwa cha ndalama zoterezi zakhala zikumveka m'dziko lonse. Fizi yomwe inatulukira pakhomo mu 1994 inalowanso ndi dzina lina.

Ena, makamaka m'maofesi, amanong'ona kuti makolo ambiri sanapite patali ndi sukulu, ndiye sangayang'anire mphunzitsi kapena kuwerenga bajeti, ndipo makomiti akapatsidwa ndalama amangogawana ndi ahedi. Kuba kulipo, ndipo komiti yosankhidwa ndi nyakwawa pakati pa abale ake siteteza aliyense. Koma umboni wa ku Karonga komweko ukutsutsa zoti anthu wamba sangayendetse zinthu zovuta. Masikimu a mpunga a Hara, Wovwe ndi Lufilya, omwe kale ankayendetsedwa ndi boma, anaperekedwa m'manja mwa mabungwe a alimi ogwiritsa ntchito madzi. Alimiwo amasonkhetsa ndalama, amagawa madzi mwa mlozo, amakonza ngalande ndi kulanga wophwanya malamulo. Mikangano siisowa, koma mpunga wa Kilombero ukufikabe m'masitolo a ku Lilongwe ndi Blantyre. Mlimi wodziwa kuwerengera matumba, ngongole ndi tsiku la madzi ake sangalephere kuona kuti mphunzitsi wajomba masiku anayi kapena kuti madesiki omwe alembedwa pa lisiti sanafike. Ndalama za SIG, zomwe boma linayamba kutumiza mwachindunji ku sukulu za pulaimale kuyambira mu 2010 kuti komiti, PTA ndi gulu la amayi azikonzera limodzi dongosolo la chaka, zinali sitepe yoyamba yeniyeni yopatsa makolo mawu pa ndalama ya boma. Kufooka kwake n'kwakuti ndi zochepa, zimafika mochedwa, ndipo mphamvu yake imadyedwa ndi kugwa kwa kwacha. Pa za mphunzitsi, yemwe ndiye mtima wa sukulu, komiti ilibebe mphamvu kupatula kukadandaula kwa PEA, mlangizi wa sukulu za pulaimale.

Palinso kunyada kwa kumpoto komwe kumati njira ya Laws ndiyo inapangitsa chigawochi kutsogola pa maphunziro, choncho isanyozedwe. N'zoona kuti sukulu za m'midzi zija zinatulutsa makalaliki, aphunzitsi, abusa ndi azachipatala ochuluka kuposa madera ena. Funso n'lakuti anakagwira ntchito kuti. Atsamunda sanamange mafakitale kapena misewu yabwino kumpoto, moti okha ankakutcha chigawo chakufa, ndipo ophunzirawo anamwazikira ku Tanganyika, kumigodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia, ku Salisbury ndi ku Johannesburg. Mudzi unamanga sukulu, koma phindu lake lalikulu linakadyedwa ndi makampani ndi maboma akutali, kwawo kukungofika kandalama ka m'kalata. Mwambo wolemekeza sukulu womwe unatsalira ndi chuma chenicheni, ndipo ndiwo umapangitsa mayi wogulitsa usipa pa Ngara kudzimana kuti mwana afike fomu 4. Koma mwambo umenewu ndi wa anthu, ndipo boma silingautenge ngati chifukwa chopitirizira kupereka zochepa.

Lero Karonga salinso boma loti munthu anganene kuti mulibe chuma. Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera, womwe kampani ya Paladin inatsegula mu 2009 n'kuuimitsa mu 2014, unagulidwa ndi Lotus Resources mu 2020 ndipo unayambanso ntchito mu 2025. Malasha akukumbidwa m'madera angapo, ndipo katundu wambiri wolowa m'dziko kuchokera ku Dar es Salaam amadutsa pa Songwe. Malamulo a migodi omwe anayamba kugwira ntchito mu 2019 anabweretsa mgwirizano wa chitukuko pakati pa kampani yaikulu ya mgodi ndi anthu ozungulira, wofuna kuti gawo la 0.45 pa 100 alionse a ndalama zogulitsa miyala lipite ku zitukuko za m'deralo. Gawolo ndi laling'ono, koma kwa nthawi yoyamba pali ndalama yomwe lamulo likuti anthu eni ake akhale nawo pogamula ntchito yake. Nalonso boma lomwe linalowa mu 2025 linalengeza kuti sekondale ikhala yaulere kuyambira Januwale 2026, ndipo amene akukumbukira 1994 akudziwa kuti ana akachuluka makalasi osakwana, mfumu ndiyo imatumidwa kukamema anthu.

Tsono mafumu a kwa Kyungu, Kilupula, Mwakaboko, Wasambo ndi Mwirang'ombe, pamodzi ndi makomiti a sukulu a m'madera awo, akadzaitanidwanso kukatuta mchenga, asakane, koma ayambe afunsa kuti simenti ifika liti, injiniya ndi ndani, ndipo aphunzitsi angati abwera. Afunse kuti ndalama ya SIG, ya thumba la chitukuko cha m'dera (CDF) ndi ya mgodi imatidwe pa bolodi la sukulu, tsiku lomwe yafika ndi zomwe yagula, kuti aliyense wodziwa kuwerenga awerengere mnzake. Khonsolo ya Karonga iyankhe mafunso amenewa polemba, pamsonkhano wa makolo, ndowa yoyamba isanapite kumtsinje.